Njoka Yodziwa Nyimbo Imene Inakanizidwa Chilumba

Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ngati pali cholengedwa chimene chinamva mwambiwu n'kuusunga, ndi njoka ya ku America yotchedwa rattlesnake. Nkhope yake si yolandirira alendo, m'kamwa mwake muli ululu, koma kumchira inamangirirako maseche. Munthu akayandikira, imagwedeza mchirawo kuti adziwe kuti pano pali eni ake. Malinga ndi mwambiwu, njoka yaulemu chonchi inayenera kupatsidwa mpando pabwalo. Koma zimene zinachitika m'chigawo cha Massachusetts mu 2016 zikuonetsa kuti nyimbo imapulumutsa woipa pokhapokha omvera atavomera kukhala pansi, ndipo savomera ngati wowaitanayo samukhulupirira.

M'chigawo chonsecho munatsala njoka za mtundu wa timber rattlesnake pafupifupi 200, zomwazikana m'malo asanu. Zinali kutha chifukwa chopondedwa ndi magalimoto, kuphedwa dala, kugwidwa mozemba ndi ozigulitsa, komanso nthenda ya pakhungu. Kuswana kwake n'kwaulesi: yaikazi imakhwima patapita zaka zambiri, ndipo ikabereka imapuma zaka zingapo. Nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, MassWildlife, inaganiza zolera ana a njokazi kumalo osungirako nyama a Roger Williams mumzinda wa Providence, kenako n'kumakawatula pang'onopang'ono, osapitirira 10 pachaka, pa chilumba cha Mount Zion m'damu la Quabbin. Chilumbachi n'cha maekala oposa 1,300 ndipo anthu wamba saloledwa kupondapo. Boma linkafuna kubisa njoka kuti anthu asamaziphe. Anthu anamva kuti boma likuweta njoka zoti zidzawaphe.

Odandaula sanali onama pa zonse. Anati njoka zimasambira, ndipo zimasambiradi. Anati chilumbacho chili ndi kamsewu kochilumikiza kumtunda, ndipo kalipodi, moti njoka yodana ndi madzi ikanatha kuwoloka osanyowa. Koma akatswiri a boma, motsogozedwa ndi a Tom French, anayankha kuti njokayi siingapirire chisanu cha kumeneko popanda phanga lakuya la m'miyala, ndipo chaka ndi chaka imabwerera kuphanga lomwelo. Yothawa pachilumba sikanakamanga mudzi kutsidya. Ikanabwerera kapena kufa ndi kuzizira. Umboni wina unali poyera. Kumapiri a Blue Hills, pafupi ndi Boston, njoka zomwezi zakhalako kuyambira kale, ndipo anthu masauzande amakayendako ndi ana ndi agalu awo, n'kubwerako ndi miyendo yonse iwiri. Akuluakulu a boma ananenanso kuti chichokere nthawi ya atsamunda, m'chigawomo simunalembedwe imfa ya munthu wolumidwa ndi njoka imeneyi. M'dziko lonse la America anthu 7,000 mpaka 8,000 amalumidwa ndi njoka zaululu pachaka, ndipo omwalira amakhala pafupifupi asanu. Agalu amapha anthu ochuluka kuposa pamenepa, koma galu amagona pa mpando wa m'nyumba ndipo amagulidwa juzi.

Wina anganene kuti mantha sawerengera masamu, ndipo kholo limene mwana wake walumidwa silingatonthozedwe ndi mawu akuti zoterezi sizichitika kawirikawiri. Zimenezo n'zoona, ndipo wonyoza mantha a njoka ndi amene sanaipeze pakhomo. Komabe ngati mantha ndiwo aziweruza nyama yoyenera kukhala ndi moyo, ndiye kuti kuteteza chilengedwe kwasanduka mpikisano wa chiphadzuwa. Pa damu lomweli la Quabbin, kuyambira mu 1982, boma lomweli linabweretsa anapiye a chiwombankhanga cha mutu woyera kuchokera ku Michigan ndi ku Canada, ndipo anthu anaomba m'manja. Mbalameyi siidziwa nyimbo ngakhale pang'ono. Kulira kwake n'kopyapyala moti opanga mafilimu nthawi zambiri amaikapo mawu a kabawi kuti isachite manyazi. Imadyanso zofa zokha ndi kulanda nsomba za zinzake. Koma ndi yokongola, ndipo wokongola safunsidwa nyimbo. Njokayo, imene imadya mbewa zonyamula nkhupakupa zofalitsa nthenda ya Lyme yosautsa anthu m'dera lomwelo, inafunsidwa zikalata zonse.

Apa n'kosavuta kugamula kuti anthu a m'mbali mwa Quabbin anali mbuli, koma kugamula choncho n'kuiwala amene anayenera kuimba. Damuli linamangidwa m'ma 1930 kuti anthu a ku Boston azimwa madzi, ndipo kuti limangidwe, matauni anayi anafafanizidwa mu 1938: Dana, Enfield, Greenwich ndi Prescott. Anthu pafupifupi 2,500 anasamutsidwa, manda oposa 7,000 anafukulidwa n'kukaikidwa kwina. Mount Zion ndi chilumba lero chifukwa choti chigwa chimene anthuwo ankalima chinamizidwa. Tsono taganizani mdzukulu wa osamutsidwawo akumva kuti a ku Boston abweranso ndi nzeru ina ya malo omwewo. Ulendo woyamba anatenga nyumba ndi manda a agogo. Ulendo uno abwera ndi mphatso, ndipo mphatsoyo ndi njoka. Ambiri anadandaula kuti nkhaniyi anaimva itapsa kale, m'malo moifunsidwa ikadali yaiwisi. Pamaso pa anthu amenewa woipa nkhope anali boma, ndipo boma linafika pabwalo ndi mapepala a kafukufuku, lopanda nyimbo iliyonse. Ngakhale bwanamkubwa Charlie Baker atanena kuti akugwirizana ndi dongosololi, mitima sinatsike, pakuti nayenso ofesi yake inali ku Boston konko.

Chodabwitsa n'chakuti njokayi inali yolemekezeka kale m'dzikomo. Mu 1751 Benjamin Franklin anaseka Angelezi polemba kuti, popeza iwo ankatumiza akaidi ku America, anthu a ku America awabwezere zabwinozo powatumizira ma rattlesnake. Mu 1775 njokayi inajambulidwa pa mbendera yachikasu ya Gadsden, itadzipinda, ndi mawu ochenjeza kuti isapondedwe. Mpaka lero mbenderayi imamatidwa pa magalimoto, ndipo ena mwa magalimotowo ndi amene amaponda njokayo pamsewu.

Kwa ine, pa nkhani ya njoka akatswiri ankanena zoona, ndipo pa nkhani ya ulemu anthu a ku Quabbin ankanenanso zoona, koma amene analipira mlandu ndi njoka, imene sinamize tauni ya munthu aliyense. Boma likanayamba ndi kukhala pansi ndi eni dera, kuvomereza za 1938, n'kuwapatsa mawu pa kasungidwe ka chilumbacho, mwina ena akanakanabe, koma akanakana njoka yokha popanda kuisenzetsa milandu ya boma. Mu Epulo 2017 komiti yoyang'anira za nsomba ndi nyama zakutchire m'chigawocho inaimitsa dongosololi, n'kunena kuti mphamvu zipite poteteza njoka m'malo amene zilimo kale. Pa Mount Zion sipanatulidwe njoka ngakhale imodzi.