Sindidya nyama, koma musanditamande

Mukatsika zitunda za Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, dalaivala amaimbira hutala ng'ombe ndi mbuzi kuposa anthu. Mlendo amangoti a kuchigwa kuno timadya nyama m'mawa, masana ndi madzulo. Sadziwa kuti kuno kuli mpingo waukulu wa osadya nyama, wopanda m'busa, wopanda kwaya, ndipo mkulu wa mpingowo ndine. Chiphunzitso chathu chimachokera m'thumba. Timabatizidwa ndalama za thonje zikangotha, timabwerera m'mbuyo tikamva kuti kwinakwake kuli ukwati. Mpingo umadzaza kwambiri boma likaletsa kupha ndi kugulitsa ziweto chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe alangizi amati amayambira ku njati za ku Lengwe. Nthawi imeneyo ngakhale okazinga kanyenya amakhala Akhristu anzathu.

Kwathu nkhuku imafa pa zifukwa ziwiri, chitopa kapena mlendo. N'chifukwa chake nditamva kuti alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, akubwera kuchokera ku Thyolo, ndinawakonda kuposa kale. Ndinathamangitsa ndekha tambala dzuwa likuswa mtengo, ndinagwa, bondo linasupuka, koma ndinamugwira. Ndikulowa naye pabwalo, alamu anakweza dzanja.

"Alamu, musavutike. Ine nyama ndinasiya."

"Mwadwala?"

"Ayi, ndawerenga."

Mayi a kunyumba anandilanda tambala uja n'kumumasula. Anathawira kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kulira masanasana. Ena akuti kunali kuthokoza Mulungu, ine ndinamva kunditukwana.

Alamu angawa ndi a Sabata, kwawo n'kufupi ndi Malamulo, komwe mpingo wawo unakhazikika mu 1902. Titakhala pansi pa mtengo wa nimu anandifotokozera kuti mpingo wawo sukakamiza munthu kusiya nyama yonse, koma umalimbikitsa, kuyambira pa zomwe mayi Ellen G. White anayamba kuphunzitsa za umoyo mu 1863. Kenako anatsegula Genesis 1:29 n'kundionetsa kuti chakudya choyamba chomwe Adamu anapatsidwa chinali mbewu ndi zipatso basi. M'munda wa Edeni munalibe chiwaya.

Ine Baibulo sindilidziwa lonse, koma mavesi okhudza ndiwo ndinawaloweza. Ndinawauza atsegule mutu 9, pomwe Nowa atatuluka m'chingalawa analoledwa kudya nyama, kupatula magazi. Ndinati ngati chilolezo chimabwera madzi akasefukira, palibe Mmalawi amene ali ndi zilolezo zambiri kuposa ife. Madzi anatipeza mu 2015, anabweranso mu 2019, namondwe Ana anatikantha mu 2022, Freddy anamalizitsa mu 2023. Alamu anangofunsa modekha kuti, "Nanga mbuzi zanu zija madzi atapita zinatsala zingati?" Apa ndinakhala chete. Nowa analowa ndi ziweto zake m'chombo, ife tinakwera pachulu ndi ana okha. Chilolezo tili nacho, chikusowa ndi mbuzi. Zaka zoterozo anthu amakazula nyika m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh, ndipo kumeneko amakumana ndi ng'ona zomwe sizinamvepo za Genesis 1:29.

Alamu sanatope. Anati Yesaya 11 akulonjeza nthawi yomwe mkango udzadya udzu ngati ng'ombe. Ndinati ndidzasiya nyama tsiku lomwe mikango ya ku Majete, yomwe anaibwezeretsa mu 2012, idzayambe kulimbirana msipu ndi mbawala. Anabwera ndi Danieli, yemwe ku Babulo anakana zakudya za mfumu, nadya zamasamba ndi madzi masiku 10, n'kuoneka wonenepa kuposa anzake. Abale anga, ine ndadya sangowa, chisoso, therere ndi nandolo, nsima yake ya mapira, kuyambira ndili mnyamata, koma lamba wanga ndimangobowola mabowo atsopano cholowera mkati. Kaya Danieli ankathira nsinjiro zochuluka bwanji.

Monga Mkatolika wa dayosizi ya Chikwawa, ndinawakumbutsa kuti nafenso timasala nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti. Bambo mfumu akamalengeza zimenezi ine ndimagwedeza mutu mwachiyero, chifukwa ndi lamulo lokhalo la mpingo lomwe ndimasunga chaka chonse popanda kuyesetsa. Nsomba n'zololedwa, choncho ndinati tigule mlamba wowamba wa mu Shire. Alamu anakananso. Levitiko 11 amalola nsomba ya zipsepse ndi mamba yokha, ndipo mlamba ulibe mamba. Mbewa nazo zili pamndandanda wa zodetsedwa, nkhumba ndiye osanena. Chomwe ndinapeza chololedwa m'mutu wonsewo, chomwenso thumba langa lingakwanitse, ndi dzombe ndi ziwala.

Mkangano uli mkati anatulukira aphunzitsi opuma ntchito oyandikana nafe, munthu wowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira usipa. Anamvetsera, kenako anati, "Nonse awiri mukulimbana za nyama yakufa. Bukuli limalankhula kwambiri za yamoyo." Ndinaona mayi a kunyumba akusendeza mpando pafupi, ndipo mtima wanga unadziwiratu kuti zinthu ziipa.

Aphunzitsi anati eni ake a Chipangano Chakale, Ayuda, ambiri amadya nyama, koma kuzunza cholengedwa chamoyo amakutenga kuti ndi tchimo. Anawerenga pa zala: Miyambo 12:10 amayeza chilungamo cha munthu poona momwe amasamalira chiweto chake; Deuteronomo 25:4 amaletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu; Deuteronomo 22:10 amaletsa kumanga ng'ombe ndi bulu m'goli limodzi, poti mphamvu zawo n'zosiyana; Eksodo 23:5 amati bulu wa mdani wako akagwa ndi katundu umuthandize. Mu Talmud, mabuku a aphunzitsi achiyuda akale, muli lamulo loti munthu asadye asanadyetse ziweto zake. Mulinso nkhani ya Rabbi Yehuda HaNasi: mwana wa ng'ombe wopita kokaphedwa anathawira m'chovala chake, iye n'kumubweza kuti apite poti analengedwera zomwezo. Anadwala zaka 13, ndipo anachira tsiku lomwe analetsa wantchito wake kusesa tiana ta kanyama kena m'nyumba. Anatchulanso Rabbi Abraham Isaac Kook, yemwe anamwalira mu 1935, amene ankaphunzitsa kuti kudya nyama n'chilolezo cha kanthawi chifukwa cha kufooka kwa anthu. Kwa ine anawonjezera Francis Woyera wa ku Assisi, yemwe timamukumbukira pa 4 Okutobala, ndi kalata ya Papa Francis ya mu 2015, Laudato si', yomwe imadzudzula nkhanza kwa zolengedwa.

Pa zonsezi mayi a kunyumba anatolapo chimodzi, cha kudyetsa ziweto poyamba chija. Mawa lake ndikusamba m'manja, nsima ikufuka nthunzi, anavundikira mbale.

"Bambo a ana, mbuzi zamwa madzi?"

"Mayi, ife ndife Akatolika."

"Mbuzizo sizikudziwa zimenezo."

Kuyambira tsiku limenelo pandandanda wa kudya pakhomo panga ndimabwera pambuyo pa ng'ombe ziwiri, mbuzi, nkhuku ndi galu. Tambala uja amadya ndikuona.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ulendo uno kalumo kanali ndi aneba. Aphunzitsi aja anabweranso kudzayendera mpeni wanga. Anati Myuda wopha nyama amaphunzira ntchitoyo, ndipo mpeni wake suyenera kukhala ndi kobenthuka ngakhale kamodzi, kuti nyama ife msanga. Wanga ndi womwewo ndimasendera nzimbe, kudulira waya ndi kumangira zomasuka za njinga. Mbuzi ikagwa m'manja mwanga imakhala ndi nthawi yolapa machimo ake onse ndi a makolo ake.

Anafunsanso za kanyamulidwe. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula limafewa, koma ine ndimamanga mbuzi miyendo yonse inayi pakaliyala, mutu uli lendelende pafupi ndi masipoko, ulendo wa kumsika wa Ngabu. Panjira ndimaima kugula madzi ozizira a m'pepala, ndimamwa ndekha, ndimathira otsala kumutu kwanga. Mbuziyo ikalira ndimati ikuimba.

Nanga za Lamulungu? Ndimavala jekete, ndimakhala kutsogolo m'tchalitchi, ndimaimba mokweza kuti aliyense adziwe kuti ndabwera. Nthawi yomweyo ng'ombe zanga zili m'goli, mnyamata akututa njerwa pangolo, chikwapu chikulira, ndalama ya ganyu ndi yomwe ndimaponya m'mbale ya chopereka sabata yotsatira. Aphunzitsi anandikumbutsa Numeri 22, pomwe Balamu anamenya bulu wake katatu mpaka buluyo anatsegula pakamwa kufunsa chomwe analakwa. Usiku umenewo ndinapemphera kwambiri kuti zozizwitsa zotere zithere m'Chipangano Chakale momwemo. Ng'ombe zanga zitati zilankhule, mlandu wake sungathere kwa anyakwawa.

Alamu anabwerera ku Thyolo atadya nyemba ndi nyama ya soya, ali wosangalala. Sitinagonjetsane, ndipo mtumwi Paulo pa Aroma 14 anaweruza kale kuti wakudya nyama asanyoze wosadya, wosadyayo asaweruze wakudya. Ine ndikadali mumpingo wa m'thumba uja, ndipo mukandiitana ku ukwati ndibwera ndi mbale yanga, musakayike.

Koma anzanga a kuchigwa, kudya kapena kusadya ndi nkhani ya inu ndi m'busa wanu. Za chiweto chamoyo, Myuda, wa Sabata ndi Mkatolika akunena chimodzi. Mbuzi ya kumsika ipatseni madzi ndipo mutu wake ukhale m'mwamba. Mpeni nolani. Ngolo musadzaze mpaka goli kusupula khosi, ndipo dzuwa likafika paliwombo ng'ombe zipite pamthunzi. Tsiku lanu lopembedza, kaya ndi Loweruka kaya Lamulungu, zimasuleni m'goli. Pa Eksodo 20:10, m'malamulo khumi momwemo, ziweto zinalembedwa pamndandanda wa opuma pamodzi ndi inu ndi ana anu.