Kalulu Akana Dzina Lake

Padangotero, Kalulu anasamukira ku Leicester, kudziko kumene ngakhale una wabwereka umakhomeredwa msonkho. Msonkhowo amautcha Council Tax. Unayamba mu 1993, ndipo umathandiza kulipira otola zinyalala, nyali za m'misewu ndi osamalira nkhalamba. Fulu, mnansi wake, ankaupereka mwa chifulu chake, pang'onopang'ono, kuyambira Epulo mpaka Januwale.

Kalulu zinkamuwawa. Ndiye usiku wina, kuseri kwa mabini, anakumana ndi Nkhandwe atapanira mapepala m'khwapa.

"Achimwene, mukulipiriranji?" anatero Nkhandwe. "Onani kalatayi. Dzina alilemba m'zilembo zikuluzikulu: KALULU. Ameneyo si inu, ndi chidole cha boma. Inu ndinu kalulu wa mnofu ndi magazi, wa fuko la akalulu. Munasainirana nawo pangano a khonsolo? Komanso pali Magna Carta ya 1215, ndime 61."

Mawu achilatini amakoma m'khutu ngati nyimbo ya kwaya. Kalulu anapereka mapaundi 50, nalandira mapepalawo.

Fulu anayesa kumutsina khutu. "Anzanga, inu mumagona nokha m'nyumbamu. Lembani fomu, akuchotserani 25 peresenti." Koma pafomupo panali dzina la chidole lija, ndipo Kalulu anaibweza atalembapo ndi inki yofiira kuti sakuvomereza.

Inabwera kalata yokumbutsa, yopereka masiku 7. Anaibweza. Inabwera yonena kuti tsopano ngongole ya chaka chonse ikufunika kamodzi. Anaibwezanso. Yachitatu inali yomuitanira kukhothi, ndipo kumeneko anapitako mosangalala, atavala tayi.

"Ndinu bambo Kalulu?" anafunsa Kadzidzi, woweruza.

"Ine ndine womuimira chabe, bwana. Mwini dzina ndi pepala."

"Nanga amene amagona m'nyumba ija usiku ndani, inu kapena pepala?"

Kalulu anatulutsa ndime 61. Kadzidzi anaphethira kamodzi, nafotokoza mosakweza mawu kuti ndimeyo inkanena za nduna 25 zoyang'anira Mfumu John, osati akalulu. Kuti Papa Innocent III anathetsa chikalatacho chisanathe ndi miyezi itatu yomwe. Kuti pochilembanso mu 1216 ndimeyo anaisiya. Msonkhowo, anatero, unakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo la 1992, ndipo lamulo silidikira siginecha ya munthu. Anagamula kuti alipire, naonjezerapo ndalama za khothi. Anamukumbutsanso kuti ku England wokana dala angathe kukagona kundende mpaka masiku 90.

Pakutha pa mwezi, malipiro a chidole chija anafika atadulidwa kale kuntchito. Chodabwitsa n'chakuti amene anagona ndi njala anali kalulu wa mnofu ndi magazi.

M'mamawa anathamangira kwa Nkhandwe. Anamupeza akumwa tiyi, ndipo pathebulo panali kalata ya khonsolo, dzina m'zilembo zikuluzikulu, yosonyeza kuti msonkho umachoka wokha kubanki pa 1 mwezi uliwonse.

"Achimwene, kani inu mumalipira?"

"Ine ntchito yanga ndi yofuna mtendere wa mumtima," anatero Nkhandwe, akuphimba kalatayo ndi mchira. "Koma inu vuto lanu ndaliona. Munagwiritsa ntchito inki yofiira, pamene khothi limaopa yofiirira. Zimenezo zili m'phunziro lachiwiri. Ndi mapaundi 80 okha."

Kalulu anakhala chete kanthawi, makutu ali gwa. Kenako anayamba kupisa m'thumba.