Ife a Chinyanja Titapita Kukaona Nyanja

Kuno ku Mpanshya azungu takhala tikuwaseka kwa zaka zambiri. Ukaima pamphambano pomwe kamsewu kathu kakumana ndi Great East Road, suchedwa kuona chigalimoto chachitali, kutsogolo lole kumbuyo basi, chodzaza azungu ofiira ndi dzuwa. Amachokera ku Lusaka, ena kulowera ku Mfuwe kukaona njovu, ena kupitirira mpaka ku Malawi. Chikangoima amatsika onse pamodzi, kujambula mbuzi, kujambula matumba a makala, kujambula mwana wamamina. Kenako mnyamata wawo amaomba m'manja n'kuyamba kuwawerenga mmodzimmodzi pakhomo.

Amalume anga anagwirako ntchito ku migodi ya ku Kitwe, ndipo chibwerereni amaona ngati dziko lonse analimaliza. Iwo ndiwo ankatsogolera kusekako. "Taonani anthu akuluakulu, ena a imvi, kuwerengedwa ngati mbuzi pakhola madzulo. Ndalama zonsezo kulipira kuti mwana aziwauza nthawi yokodza."

Chaona mnzako chapita. Chimanga chitagulitsidwa, gulu lathu la chilimba linakhala pansi kukambirana chochita ndi ndalama zomwe zinatsala, ndipo amayi a Tcheya ananena mawu omwe anatilasa tonse. Anati ife tikapita ku Lusaka timati timalankhula Chinyanja, ana athu kusukulu amalemba mayeso a Chinyanja, koma nyanjayo anaionapo ndani? Mwa anthu 32, woonapo madzi oposa a Luangwa anali mmodzi, mphunzitsi wopuma ntchito amene anapitako ku Kariba. Tinasonkha, tinapangana ndi kampani ina ya ku Lusaka: basi yathuyathu, wotiperekeza wodziwa njira, masiku awiri ogona ku Senga Bay m'boma la Salima. Tsono popeza pasipoti yanga inadindidwa popita ndi pobwera, ndili ndi ufulu wolangiza amene mukufuna kutitsanzira.

Akakuuzani kuti "zonse zili momwemo", funsani zonse zake ziti, ndipo azilembe papepala. Ife tinaganiza kuti zonse ndi zonse. Tinakapeza kuti zonse ndi mpando wa m'basi, bedi, ndi tiyi wam'mawa wokhala ndi magawo awiri a buledi opyapyala moti ukhoza kuwerengerapo nyuzipepala. Nsima yamasana kulipira wekha, bwato kulipira wekha. Mnyamata wotiperekezayo sananame, zinali papepala lomwe anatumiza pa WhatsApp, koma gulu lonse tinangowerenga mtengo n'kuyamba kupempha kuti atsitse.

Za mapasipoti ndi bwino kuziyamba miyezi ingapo ulendo usanafike. Mzambiya safuna viza kuti alowe m'Malawi, koma pasipoti iyenera kukhala yamoyo, ndipo reji si pasipoti ngakhale mutaipukuta bwanji. Amalume anatulutsa m'sutikesi yawo pasipoti ya nthawi ya a Kaunda, chithunzi chake tsitsi lili lonse. Atauzidwa kuti inafa kalekale anakwiya, nati kuyambira 1953 mpaka 1963 Northern Rhodesia ndi Nyasaland zinali m'chitaganya chimodzi, ndiye sangapemphe chilolezo kukaona nyanja ya abale awo. Mbiriyo ndi yoona, koma ku Lusaka anapita kawiri ndithu kukaima pamzere.

Basi inagona konkuno. Wotiperekeza, kamnyamata ka kapusi ndi cholembera kukhutu, anati tinyamuka 05 hours. Kwa iye 05 hours ndi nthawi yomwe matayala ayamba kugudubuzika. Kwa ife ndi nthawi yoika madzi osamba pamoto. Amayi a Tcheya anafika dzuwa litatuluka bwinobwino, akuyenda pang'onopang'ono ndi kupereka moni kwa aliyense, chifukwa munthu waudindo akafika woyamba anthu amati alibe zochita kunyumba.

Katundu wotiperekezayo anati chikwama chimodzi munthu aliyense. Chinabwera ndi ichi: mbaula ziwiri, thumba la makala, ufa wa 25 kg, mapoto, mthiko, chigubu cha munkoyo cha malita 20, ndi tambala wamoyo atamangidwa miyendo. Mnyamatayo anayesa kufotokoza kuti Amalawi nawonso amadya nsima, ndiponso kuti nkhuku yamoyo siwoloka malire popanda mapepala. Msungichuma wathu anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe mwana, ufuna tikadye ufa wa anthu osawadziwa?" Tambalayo anakagulitsidwa ku Chipata pamtengo wamaliro.

Posankha mpando musatengeke ndi ufulu wa kumbuyo, komwe kumakhala nthabwala ndi mabotolo obisa. Kuchoka kuno kupita ku Luangwa msewu umadutsa m'mapiri a Manenekela, kukhota uku, kukhota uko, kutsetsereka, kukweranso. Amene anayamba ulendo ndi mazira owiritsa n'kutsitsira munkoyo anaziona zonse kachiwiri. Tengani kajumbo, khalani chakutsogolo, ndipo munkoyo muuleke mpaka madzulo, chifukwa basi ya alendo siima paliponse pomwe chikhodzodzo chanu chalamula.

Pa Luangwa Bridge m'pamene ulendo unaonetsa nkhope yake yeniyeni. Mlathowu unatsegulidwa mu 1968, umalonderedwa, ndipo mukauzidwa kuti musajambule, foni ibwerere m'thumba osafunsa chifukwa. Tisanatsikire kumlathoko pali msika uja wa nsomba zouma ndi madengu, ndipo mnyamata wathu anatipatsa mphindi 15. Sadziwa kuti mphindi 15 zimathera pa kufunsa mtengo, kudabwa, kuchoka ngati wakwiya ndi kuitanidwanso. Kugula kwenikweni kumabwera pambuyo pake. Patatha ola ndi theka tinakwera, aliyense atakumbatira mulu wa nsomba zouma. Inde, tinagula nsomba pa Luangwa kupita nazo kunyanja. Zinayenda nafe masiku atatu pansi pa mipando, kutentha kwa ku Salima kukuziphika, moti pobwera ofisala wa pamalire anangosuzumira pakhomo n'kubwerera yekha. Nsomba ndi madengu gulani pobwera, msikawo susamuka.

Pa Luangwa pomwepo, tisananyamuke, mnyamata uja anaima pakhomo, chala m'mwamba, milomo ikugwedera. Amalume anazindikira zomwe zikuchitika.

"Iwe, uchita chani?"

"Niwerenga chabe, bashikulu."

"Uwerenga ndani? Chotsa chala chako pa ine."

Anawerenga ndi maso. Inakwana mitu 31. Anabwereza, 31. Basi yonse inayamba kuwerenga, aliyense mokweza, aliyense kupeza nambala yakeyake, ena 33 chifukwa anaphatikiza draiva ndi dengu lomwe linakhala pampando. Wosowayo anali aphunzitsi, omwe anapezeka kuseri kwa msika akuphunzitsa wogulitsa madengu masamu a phindu. Langizo langa apa n'lakuti dziwani amene mwakhala naye pampando, ndipo iye akudziweni. Pa malo oima paliponse funso likhale limodzi: mnzako alipo?

Kuchoka apo mpaka ku Chipata, mnyamatayo anagwira maikolofoni kuti atifotokozere za malo. Ku Nyimba anayamba za nthochi, kwaya ya amayi inayamba nyimbo. Ku Katete anati pafupi pomwepo ndi ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, komwe Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, amalume anamulanda maikolofoni kuti akonze zomwe sanalakwitse. Ndipo mudzi uliwonse unali ndi m'bale wa wina. "A draiva, imani pang'ono nipatse moni alamu anga." Petauke alamu, Sinda apongozi, Katete mwana wa achemwali. Draiva anangokweza wailesi.

Pamalire a Mwami ndi Mchinji zinthu zinaphweka chitsegulireni nyumba imodzi yochitiramo zonse, yomwe a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula mu Disembala 2022. Komabe munthu aliyense amaima yekha ndi pasipoti yake. Amayi a Tcheya anatuma mtsikana kuti akawadinditsire, monga amatumira kuchigayo, ndipo anauzidwa mwaulemu kuti nkhope siitumizidwa.

Ndalama ndiye zinatizunguza mitu. Kuno kwacha, uko kwacha, dzina limodzi ngati ana a msuweni, koma kulemera kosiyana kutalitali. Ife tinadula maziro atatu mu 2013, anzathu awo akadali nawo, ndipo mu Novembala 2023 kwacha yawo inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ukapereka timapepala tingapo ta kwathu amakubwezera mtolo wa ma K5,000 womanga ndi labala. Msungichuma anayenda kuchoka pawindo ngati mwini migodi. Mphindi khumi pambuyo pake anali kukalipira mtsikana wogulitsa zakumwa kuti botolo limodzi lingakhale bwanji masauzande, waiwala kuti iye mwini ankagula buledi ndi masauzande zaka zapitazo. Dziwani mtengo wosinthira musanafike, sinthani pamalo opereka lisiti, werengani nokha kawiri. Mnzathu wina anatsatira kamnyamata kuseri kwa lole chifukwa cha mtengo wokoma. Mtolo wake unali wonenepa kuposa yathu yonse, ma K5,000 pamwamba ndi pansi, pakati ma K50.

Foni nayo imafuna kuikonzekera. Mabando ogula kwathu musawadalire mukawoloka. Gulani simu ya komweko, ya TNM kapena Airtel, mulembetse ndi pasipoti, apo ayi uzani akunyumba kuti mukhala chete masiku awiri ndipo si maliro. Chaja yokha ndiyo isakudetseni nkhawa, mabowo a pakhoma ndi omwewo.

Ndinkaganiza kuti chinenero sichitivuta. Ku Lilongwe tinaima kuti tidye, amalume anakhala pampando nati, "Nifuna kapenta, manje manje." Mtsikana woperekera zakudya anapinda bondo, manja pamodzi. "Pepani bambo, mwati mukufuna chiyani?" Anabwereza mokweza, monga amachitira azungu omwe timawaseka aja. Zinatheka aphunzitsi atanena kuti usipa. Wina anaitanitsa vitumbuwa, anamubweretsera zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga, pomwe iye ankafuna zomwe kumeneko amati mandasi. Amalawi amalankhula Chinyanja cha m'Baibulo tsiku lonse, ngakhale pogulitsa tomato, moti umachita manyazi ngati walowa m'tchalitchi ndi kabudula. Pofika madzulo amalume anali atasamukira ku Chingerezi.

Ku Senga Bay tinafika usiku kwambiri, maola anayi kupitirira pa ndondomeko, ndipo aliyense anati wolakwa ndi draiva. Mumdimamo tinkangomva chiphokoso, khwaa, khwaa, amayi ena n'kuthamangira kukaanula zovala zomwe sanayanike. M'mawa ndinatuluka ndisanasukusule. Ndinapeza amayi a Tcheya ataima kale pamchenga, chitenje chatsopano, nsapato za kutchalitchi zili m'manja, madzi akuwanyambita zala. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni sanali kulankhula. Patapita nthawi anafunsa osatembenuka, "Nanga tsidya lake lili kuti?"

Mnyamata uja apa tinamumvera. Anati nyanjayi m'litali ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto gombe lina ndi la Mozambique ndi Tanzania. Anatinso David Livingstone atafika mu 1859 anafunsa dzina lake, anthu anamuyankha kuti nyasa, kutanthauza nyanja, iye n'kulemba Lake Nyasa, ndiye kuti Nyanja ya Nyanja. Amalume anati nzosadabwitsa, mlendo samvetsera.

Kusambira sikunatikope kwenikweni. Anatichenjeza za likodzo m'madzi odikha a m'mabango, ndi kuti pokwera bwato tivale jekete loyandamitsa ngakhale likununkha nsomba. Koma amayi anayang'ana madzi onsewo, aulere, opanda mzere wa pamjigo, n'kuyamba kudandaula kuti anasiya mabulangete kunyumba. Pofika 10 hours miyala ya pagombe inali itayanikidwa zitenje, mbaula ikufuka kuseri kwa basi, chambo chikuwotchedwa, ufa wa kwathu uja ukugwira ntchito yake. Chigubu cha munkoyo chinatsukidwa n'kudzazidwa madzi a m'nyanja okaonetsa otsala.

Kenako mafoni anatuluka. Tinajambula ngalawa, tinajambula usipa pathandala, tinajambula msodzi akusoka ukonde. Msungichuma anagwada kuti ajambule bwino kamwana kamamina. Msodzi uja anakweza mutu nati, "Bwana, mukajambula mumasiyako kangachepe." Pemphani kaye musanajambule munthu. Ife tinaphunzira polipira. Ndipo pokwera basi, mnyamata wathu ali pakhomo ndi chala chake, ndinamva ana a pagombe akuwerenga naye limodzi mokuwa, akugwa ndi phwete.

Pobwera nthawi tinaisunga ndithu, mwina chifukwa ndalama zinali zitatha ndipo panalibe chotsikira. Kuwerenga anthu amalume anakutenga kukhala udindo wawo, ati mwanayo amathamanga. Tinamusonkhera kangachepe mnyamatayo pa Luangwa, ndipo muyenera kutero nanunso, chifukwa munthu woweta akuluakulu 32 masiku atatu osatukwana ndi mmodzi yemwe malipiro ake a pamwezi sakwanira.

Tinatsika pamphambano yathu dzuwa likupendeka, nsomba zathu za maulendo awiri zili m'manja. Tsidya la msewu panali pataima chigalimoto cha azungu, mnyamata wawo ali pakhomo, akuwerenga, kubwereza, kukanda mutu. Amalume anaika chikwama pansi, anawoloka msewu, n'kumugwira paphewa.

"Wasowa mmodzi, mwana wanga. Wa chipewa. Ali kuseri kwa makala uko."