Mlendo Wosaitanidwa pa Ukwati

Mulungu anandipatsa manja a khasu, mtima n'kukonda kamera. Vuto lagona pamenepo. Makamera a masiku ano akunka nachepa ngati bokosi la machesi, ndipo zikuoneka kuti amene amawapanga ku Japan sanaganizeko za mwana wa mlimi.

Loweruka lapitali ndinajambula ukwati wa mphwanga. Pa chithunzi chilichonse, pakati pa mkwatibwi ndi apongozi, panaima mlendo wonenepa yemwe sanalandire khadi: chala changa cha mkombaphala. Chala chachikulu nacho chinkadina mabatani atatu nthawi imodzi, kachala kakang'ono kakungolendewera ngati wokwera minibasi amene wasowa mpando.

Anandiwongola ndi mkulu wina wojambula zithunzi za ziphaso pamsika. Iye anati: dzanja lamanzere likhale pansi pa lenzi ngati mwanyamula chipanda cha thobwa, lamanja ligwire m'mbali. Zigongono zimamatire kunthiti, lamba mumukulunge padzanja, ndipo mugwire mpweya musanadine. Thumba likalola, gulani chogwirira chowonjezera chija amamangirira kunsi kwa kamera, kachala kaja kapeze pokhala.

Ndayesera, ndipo chala chachokadi pachithunzi. Chatsala n'kuphunzira kusadula apongozi mutu.