Calotropis procera, mfumu ya m'matsala ndi m'mabwinja

Calotropis procera ndi chitsamba cha masamba otambalala, otuwa ngati awazidwa ufa, chimene chimamera mokondwa pamalo pamene zomera zonse zaulemu wake zinatsanzika kalekale. Aarabu amachitcha ushar, Ahausa amati tumfafiya, kumpoto kwa India amati aak kapena madar, ndipo m'mabuku a ku Ulaya chimatchuka ndi dzina lakuti apulo wa ku Sodomu. Kwawo ndi chigawo chouma chochokera ku Senegal, kudutsa m'mphepete mwa chipululu cha Sahara ndi Arabia, mpaka ku India. Anthu a m'chigawo chonsechi anachipatsa mayina, pakuti munthu sangalephere kutchula dzina la mnansi amene wakhazikika pakhomo pake osaitanidwa.

Mbiri ya dzina lake lasayansi ndi yoyenera mwana wa kumpanda. Woyamba kuchilemba m'kaundula anali William Aiton, woyang'anira munda wa mfumu ku Kew, m'chaka cha 1789, ndipo anachitcha Asclepias procera potengera Asclepius, mulungu wa machiritso wa Agiriki. Robert Brown atakhazikitsa mtundu wa Calotropis, mwana wa Aiton, William Townsend Aiton, anachisamutsira kumeneko mu 1811. Ndi zitsamba zochepa zimene bambo ndi mwana anasiyirana ngati chuma cha masiye. Calotropis ndi mawu achigiriki otanthauza msana wokongola wa pansi pa bwato, chifukwa cha maonekedwe a tizigawo ta m'kati mwa duwa, pamene procera m'Chilatini ndiye kuti chachitali. Kutalikako ndi mamita 2 mpaka 4, mwa apo ndi apo 6, msinkhu umene mlambe sungataye nawo tulo. Koma m'dera limene mitengo ina yonse inafa, mamita anayi ndi ufumu.

Kwa zaka zambiri chitsambachi chinali m'banja la Asclepiadaceae. Kafukufuku wa DNA wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anachititsa kuti banjalo lilowetsedwe m'banja lalikulu la Apocynaceae, dzina lochokera ku mawu achigiriki othamangitsira galu, popeza ena mwa abale ake ankadziwika kuti amapha agalu. Ndi banja lolemekezeka. Muli gondolosi, amene amuna a ku Malawi safuna kuuzidwa ntchito yake. Mulinso kombe, ulembe wopaka kumivi wa anthu a m'chigwa cha Shire, umene John Kirk anaudziwa pa ulendo wa David Livingstone, ndipo madokotala a ku Edinburgh anadzapangako mankhwala a mtima. Patalipo pang'ono, m'gulu la Gentianales, pali khofi. Motero pachibale ponse pali wina wodzutsa thupi, wina wodzutsa maso, wina woimitsa mtima, ndipo Calotropis anatsata mwambo wa womalizayu. M'bale wake wapafupi ndi Calotropis gigantea, wa maluwa okulirapo, amene amakonda madera a chinyontho a ku Asia.

Thupi lake linapangidwa ndi nzeru za munthu amene sayembekezera chithandizo kwa wina aliyense. Muzu waukulu umalowa pansi mamita atatu kapena kuposa, kukasaka madzi kumene khasu silinafikeko. Makungwa ndi ochindikala, ofewa ndi ong'alukang'aluka, ndipo amatchinjiriza tsinde ku dzuwa ndi moto wolusa. Masamba amamera awiriawiri moyang'anana, opanda phesi lenileni, ngati akukumbatira nthambi. Ena amafika masentimita 30 m'litali, ndipo amakutidwa ndi phula komanso ubweya wosalala umene umachepetsa kutuluka kwa madzi. Zotsatira zake zimaoneka m'chaka cha chilala: mapira apserera, udzu wasanduka fumbi, ng'ombe zikuwerengeka nthiti, koma Calotropis ali chilili ndi masamba ake onenepa, wosekerera ngati wakatapila m'chaka cha njala.

Maluwa ake amabwera m'magulu, oyera kunja ndi ofiirira kunsonga, a tizigawo tisanu, ndipo m'madera otentha amaoneka pafupifupi chaka chonse. Mungu wake suuluka ndi mphepo, pakuti chomera chodziwa kusunga chuma sichimwaza zinthu chisawawa. Umamangidwa m'timatumba tiwiritiwiri tokhala ndi kachopanira. Bemberezi akabwera kudzamwa timadzi totsekemera, mwendo wake umaterereka m'kampata, kachopanira kaja kamamugwira, ndipo amachoka atasenza katundu amene sanavomere. Pa duwa lotsatira amatula osadziwanso. Tizilombo tating'ono tilibe mphamvu zozula timatumbato, choncho ntchitoyi inasiyidwa makamaka kwa abemberezi, ndipo malipiro awo ndi chakumwa basi.

Chipatso ndicho chimake cha ulemerero wonse. Ndi chobiriwira, chosalala, chotupa bwino, cha kukula ngati bango lalikulu, moti wapaulendo wa ludzu akachiona patali mtima umakhala pansi. Akachifinya chimaphulika, pakuti gawo lalikulu la m'kati mwake ndi mpweya wokhawokha ndi timitsi tolumikiza khungu ndi kathumba ka njere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu uli ndi chifundo, umapatsako munthu nyerere. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa m'zaka za zana loyamba, anasimba za zipatso za kufupi ndi Sodomu zooneka zakupsa koma zosanduka phulusa m'manja mwa wothyola. Mu 1838, Edward Robinson, katswiri wa malo a m'Baibulo wochokera ku America, anapeza chitsambachi ku Ein Gedi m'mbali mwa Nyanja Yakufa, ndipo anagamula kuti chipatso cha Josephus chinali chimenechi. Palibe chipatso china chimene chatchuka zaka pafupifupi 2,000 chifukwa chosakhala ndi kanthu m'kati.

Kunena kuti mulibe kanthu, komabe, ndi kuchilakwira. Chipatso chilichonse chimasunga njere zaphanthiphanthi pakati pa 350 ndi 500, zosanjikizana ngati mamba a nsomba, iliyonse ndi kanyenje ka ubweya woyera wonyezimira ngati usufu. Chikang'ambika, njerezo zimakwera mphepo ndi kukatera m'munda wa munthu amene sanapemphe mbewu, ndipo zambiri zimamera mvula ikangodontha. Palibe ndondomeko yogawa zipangizo zaulimi imene inafikira mlimi aliyense mosakondera chotere.

Chiwalo chilichonse cha chitsambachi chikavulazidwa chimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, wochuluka moti umadontha pansi. M'menemo muli ziphe za gulu la cardenolide, monga calotropin, calactin ndi uscharin, zimene zimatseka kanjira kosinthira sodium ndi potassium m'maselo, mwakuti mtima umataya kugunda kwake, ndipo zikachuluka umaima. Alenje ena a mu Africa ankasakaniza utomoniwu mu ulembe wa mivi yawo. M'diso umagwira ntchito mwaulemu kuposa nkhadze: m'malo mowotcha mpaka munthu kukuwa, umatupitsa galasi la kutsogolo kwa diso mwakachetechete, ndipo munthu amangoona chifunga kwa masiku angapo. Madokotala a maso ku India amalandira odwala otere, ambiri mwa iwo anthu opembedza amene ankathyola maluwawa kuti akapereke kwa mulungu wawo Shiva, yemwe amawakonda kwambiri.

Pali alendo owerengeka amene chitsambachi chimawalola kudya patebulo lake. Mbozi za gulugufe wotchedwa Danaus chrysippus, wofiira ndi madontho oyera, zimadya masamba ake ndi kusunga chiphecho m'thupi, kotero kuti mbalame yolawa gulugufeyo imasanza ndipo sibwerezanso. Ziwala za mtundu wa Poekilocerus, za banja limodzi ndi nunkhadala, zimachita chimodzimodzi, ndipo zikagwidwa zimathira mdani madzi owawa. Onsewa amavala mitundu yowala ndipo amayenda mosathamanga, monga amachitira aliyense wodziwa kuti ali ndi wamkulu kumbuyo kwake.

Zofuna zake pa nthaka ndi nyengo nzochititsa manyazi mbewu zolimidwa. Chimakhutira ndi mvula ya mamilimita 150 pachaka, ndipo chimapirirabe ngakhale ifike 1,000 malinga madzi asadikhe. Mchenga chimaulandira, nthaka ya mchere chimailandira, miyala ndi zigumukire za nyumba chimazilandira. Feteleza sichimudziwa. Chimene chimadana nacho ndi chisanu choundana, mthunzi, ndi udzu wathanzi wopikisana ndi mbande zake; nchifukwa chake sichipezeka pamwamba pa mapiri ozizira kapena m'nkhalango yowirira. Malo ake apamtima ndi m'mphepete mwa msewu, m'khwawa louma, m'tsala losukuluka, pa bwinja, ndi kuzungulira chitsime pamene ziweto zadya msipu mpaka dothi kuyera. Akatswiri a za msipu amachiwerenga ngati chizindikiro chakuti malo aguga. Apa ndi pamene kukhulupirika kwake kumaonekera: munthu akadula mitengo, akaweta ng'ombe zoposa msipu, akalima mpaka nthaka kulema, zomera zina zimamuthawa, koma ichi chimabwera kudzakhala naye pa maliro a munda wake, ndipo sichifulumira kubwerera.

Kukhulupirika kumeneku chinakutumiza kunja. Lero chadzaza kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, kumene chinalowa ngati duwa lokongoletsa, komanso zilumba za Caribbean ndi kumpoto kwa Australia. Ku Australia nkhani yokambidwa kawirikawiri ndi yakuti njere zinabwera mu ubweya wofutsira zishalo za ngamila zochokera ku India. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma mame awa sanakamuke: ku Northern Territory ndi ku Western Australia boma linachilemba m'gulu la zomera zowononga, ulemu umene zomera zambiri zachilendo zimafa zisanaupeze.

Ntchito zake nzosawerengeka pomwe anthu alibe china chogwira. Luzi la m'makungwa limapota zingwe ndi maukonde olimba. Ubweya wa njere umafutsidwa m'mapilo, ngakhale kuti ndi woterera ndi wothothoka moti kuuluka nsalu kumavuta. Mtengo wake ndi wopepuka, ndipo makala ake ankapangira wonga wa mfuti ku India. Mbuzi ndi nkhosa zimabudula masamba ake njala ikafika posauzana, ndipo alimi ena a ku Brazil amawaumitsa kaye kuti chiphe chichepe asanadyetse ziweto. Asing'anga a m'mayiko ambiri amachigwiritsa ntchito pa matenda a khungu ndi ena, ngakhale kuti mpata wa pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopha ndi wopapatiza kwambiri. Chodabwitsa koposa chili ku Benin ndi ku Nigeria, kumene amayi achifulani amasinja masamba ndi tsinde, nasefera madzi ake mu mkaka wa ng'ombe uli pamoto. Mkakawo umagwirana nkukhala tchizi chofewa chotchedwa wagashi kapena wara, chimene chimakazingidwa ndi kugulitsidwa m'misika.

Kuchichotsa pamalo ndi ntchito yophunzitsa kudzichepetsa. Chikadulidwa ndi chikwanje chimaphukira patsinde ndi nthambi zambiri kuposa kale. Moto umangochimeta. Thirakitala ikachizula mosafika pansi, mutu wa muzu wotsala m'dothi umatulutsa mphukira zatsopano mvula yotsatira. Alangizi a zaulimi ku Australia amalangiza kudula muzu pansi pa nthaka, kapena kupaka mankhwala ophera zomera pa tsinde, atavala magalasi ndi magolovesi, kenako kuchepetsa ng'ombe kuti udzu ubwerere ndi kutsamwitsa mbande. Njira yomalizayi ndiyo imagwira ntchito kwa nthawi yaitali, ndipo ndiyonso imene eni ng'ombe safuna kuimva.