Ulemu kwa a Manjenje a m'Chiwongolero

Ena amatamanda andale, ena osewera mpira. Ine chipewa ndavulira a Manjenje, aja okhala m'chiwongolero cha Corolla yanga yokalamba, mboni yokhayo mu Lusaka muno imene sinalandirepo chiphuphu.

Taonani ulemu wawo. M'komboni salankhula. Zungulirani Kanyama yense, dutsani Los Angeles Road mukuzemba maenje ndi mawilibala, iwo ali duu. Amadikira mutuluke m'tauni, mugwire Great East Road kulowera ku Chongwe, singano ifike pa 90 kapena 100. Pamenepo bwalo latsegulidwa: manja gwedegwede, makiyi ngwerengwere, mlamu amene anachita kupempha kuti akwere nawo wayamba kuitana Yehova. Mukawonjeza moto nthawi zina amatonthola. Mkulu sabwereza mawu.

Ndipo saloza munthu wolakwa mwachisawawa. Chikamavina chiwongolero, mlandu nthawi zambiri uli kumatayala akutsogolo. Ukamavina mpando, funsani akumbuyo. Akadzuka pokhapokha mwaponda mabuleki, monga potsetsereka ku Munali Hills, ndiye kuti madisiki sakudyeka mofanana. Ndi sing'anga uti amaombeza chonchi osapempha nkhuku?

Chimene chimandigometsa n'kuchepa kwa chakudya chawo. Pamphepete mwa limu pamakhala kachitsulo, mwina ka magalamu 20, kolinganiza kulemera kwa tayala. Dzenje limodzi la ku Chawama likakathothola, mbali yolemera ija imamenya kangapo pa sekondi iliyonse, galimoto yonse n'kugwidwa malungo. Kanthu kosakwana supuni zazikulu ziwiri za shuga! Pena limu lenilenilo lapindika. Pena ndi tayala la salaula lija munagula mukudzitama kuti mwapusitsa wogulitsa: waya wam'kati wasiyana ndi mphira, latupa ngati chithupsa. Akazi anu munawauza kuti ndi latsopano. A Manjenje sanamve nawo bodzalo.

Ndinapita nawo kwa makaniko wina pansi pa mtengo wa mango ku Matero. Anayamba ndi manati, chifukwa akamasuka amenewo nkhani imathera kumanda. Kenako anakweza galimoto pa jeke, nagwira tayala uku ndi uku n'kuligwedeza, kuona ngati matairodi atha. Nagwiranso pamwamba ndi pansi, kumvera mabering'i. Zonse zinali nganganga. Anasuzumira kuseri kwa limu, naseka.

"Bwana, mumakhala ku Kanyama?"

"Wakuuza ndani?"

Anakokota ndi sipanala chibuma cha matope ouma chonga nkhonya, mphatso ya madzi osefukira a mu Januwale. Ine amene ndimauza anzanga kuntchito kuti ndimakhala "chakufupi ndi tauni", a Manjenje anali atalengeza kale keyala yanga pamsewu waukulu.

Atatsuka malimu ananditumiza kwa eni makina obalansira matayala, amene anakhoma tizitsulo tatsopano. Tsiku lotsatira ndinayenda mpaka ku Kafue, chiwongolero chili zii ngati nyumba yamaliro. Mlamu anagona njira yonse, ine ndekha n'kumayasamula.

Koma sindikudandaula kwambiri. Mvula ya Novembala ili pafupi, ndipo dzenje la pakhomo pathu palibe amene walikwirira.