Njira zolipirira digiri yachiwiri ya saikoloji kwa mwana wa kwa Chikomeni

Saikoloji, amene ndi maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, amaphunzitsidwa pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, ndipo aliyense amene wamaliza digiri yoyamba ali ndi ufulu wopitiriza ndi yachiwiri, yotchedwa masitazi, malinga akhale ndi ndalama. Popeza kwa Mfumu Chikomeni chuma chimagona m'nkhokwe miyezi yowerengeka kenako n'kupita kwa mwini feteleza, nkoyenera kufotokoza njira zimene wofuna maphunzirowa angatsate kuti mutu wake usasokonekere asanaphunzire kuchiza mitu ya ena.

Boma lisaiwalidwe, pakuti limakondwera likamatchulidwa. Bungwe la HELSB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 kuti lizikongoza ophunzira a m'mayunivesite, limasamala makamaka za digiri yoyamba, kotero wofuna yachiwiri apite kumeneko pokhapokha ngati wasowa womukumbutsa za ngongole yake yakale. Thumba la CDF, ndalama zachitukuko zimene zimaperekedwa ku dera la phungu aliyense, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, koma gawo lake la maphunziro limalipirira ana a sekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja. Wochenjera aphunzire kaye kuwotcherera zitsulo ndi ndalama zimenezi, aike kashopu ku Lumezi, ndipo mageti ndi mafelemu a mawindo adzamulipirira masitazi pakatha zaka khumi, pamene adzakhala atadziwa kale mtima wa munthu kudzera mwa makasitomala otenga katundu n'kunena kuti adzalipira akakolola.

Chilimba, mgwirizano umene anthu amasonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, ndi njira yaulemu, ngakhale kuti tsiku la wophunzira limakonda kugwa mwezi umene mamembala atatu ali ndi maliro. Kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chokula mwezi ndi mwezi, amatuluka msanga ndipo safunsa satifiketi, komanso amapatsa wokongola mwayi wodziwa nkhawa ndi kusowa tulo m'thupi mwake, zimene anzake amangoziwerenga m'mabuku.

Pali thandizo la kunja, monga la Chevening, la Commonwealth ndi la Beit Trust, limene linachokera ku chuma chimene Alfred Beit anapeza m'migodi ya dayamondi ndi golide ya ku South Africa. A Chevening amafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo alembe bwino za utsogoleri wake, choncho wopempha asachite manyazi kutcha kuweta ng'ombe kuti kuyang'anira gulu, ndipo fomu aitumize ataima pachulu chimene netiweki imagwira, batire la foni lisanathe.

Achibale nawo ali ndi malo awo m'sayansi imeneyi. Robert Serpell, amene anatsogolerapo Yunivesite ya Zambia, anafufuza m'midzi ya Achewa ku Katete kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'buku lake la 1993 anasonyeza kuti akuluakulu akamayesa nzeru za mwana amayang'ananso ngati mwanayo ndi wotumika ndi wodalirika. Wophunzira agwiritse ntchito zimenezi pokhala wotumika kwa malume ake amene ali ndi ng'ombe, koma asayerekeze kufotokoza kuti akamaliza adzakhala womvetsera anthu akulankhula mavuto awo, chifukwa malume adzayankha kuti ntchito imeneyo ankhoswe ndi anamkungwi amaigwira kwaulere, ndipo ng'ombeyo idzabwerera m'khola.

Chotsala ndi munda. Mu 2024 bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330, mtengo wosangalatsa kwa amene anali nacho, pakuti chaka chomwecho ndi chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Soya ndi mtedza zikhoza kugulitsidwa ku bungwe la COMACO, koma pamafunika kugwirizana kaye ndi njovu, popeza dera la Chikomeni lili pakati pa nkhalango ya Lukusuzi ndi ya Kasungu, kumene mu 2022 kunatulidwa njovu 263 zochokera ku Liwonde, zimene sizidziwa malire a dziko ndipo zimatha kudya fizi ya chaka chathunthu usiku umodzi.

Komabe njovu zomwezo ndizo khomo lalikulu la ndalama, ndipo apa mpofunika kumvetsetsa. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, cha Chainama, chili ku Lusaka, ulendo wa tsiku lonse pabasi, ndipo mlimi amene amachezera kumunda akuomba zitini, n'kubwerera m'mawa ali ndi mantha osatha, alibe katswiri womufunsa mmene wagonera, pomwe njovu ili ndi mabungwe a kunja, magalimoto, ndi akatswiri odziwa kumene yagona kudzera pa kachipangizo ka m'khosi. Wophunzira wanzeru, polemba pempho la ndalama za kafukufuku, asayambe ndi kuvutika maganizo kwa alimi a kwa Chikomeni, koma alembe za kusungulumwa kwa njovu yosamutsidwa kwawo, aike chithunzi chake pa tsamba loyamba, ndipo mlimi atchulidwe kumapeto ngati malo atsala.